Kabotolo Kolembedwa Dzina Langa

Ntchito yanga ndi yokonza maloko ndi kudula makiyi, ndipo munthu ukaigwira zaka makumi awiri ntchito imeneyi sukhulupiriranso aliyense. Amabwera bambo wa tayi, nkhope ya mkulu wa mpingo, akuti kiyi wa kunyumba kwake watayika, ndikamutsegulire. Mawa lake ukumva kuti nyumbayo ndi ya mkazi amene anamuthamangitsa chaka chatha. Amabwera mtsikana akumwetulira, akuti abwana amutuma adulitse kiyi wachiwiri wa kabati ya mu ofesi. Abwana ake atiwo? Ine munthu akalowa mu shopu mwanga ndimayamba kuyang'ana manja ake, nkhope pambuyo. Mu msewu wathu amanditcha Maloko, ndipo akazi anga amati dzinalo silinachokere ku ntchito yokha ayi.

Ndanena zimenezi kuti mumvetse zomwe ndinamuchita mphwanga. Sikuti ndikudzikhululukira.

Ndili ndi matenda a zilonda za m'thumbo lalikulu. Anandiyamba zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ndipo sachira. Amangogona, kenako n'kudzuka. Akadzuka ndimatsekula m'mimba kakhumi pa tsiku, magazi okhaokha, moti zimbudzi zonse za pakati pa kunyumba ndi ku shopu ndimazidziwa ngati abale anga: cha pamalo omwetsera mafuta chitseko chake sichitseka, cha ku banki mlonda amafuna umupatse moni kawiri. Mapiritsi ndimamwa, sindinama. Chimene ndimadana nacho ndi kamera. Zaka ziwiri zilizonse amandimwetsa madzi amchere odzaza jagi, ndimaswera m'chimbudzi tsiku lonse, mawa lake n'kundilowetsa kachubu ka kamera kumene munthu wamkulu satchula, kuti aone ngati zilondazo zayamba kusanduka khansa. Akuti thumbo likakhala lotupa zaka zambiri chonchi, khansa sivutika polowera.

Pa benchi ya kuchipatala ndinkakumana ndi bambo wina wowotcherera zitsulo, matenda athu amodzi. Chaka china anasowa. Atabweranso, shati inali kunja kwa buluku. Anandikokera pakona n'kukweza shatiyo: thumbo lonse anamuchotsa, pamimba pali kathumba komata kolandira chimbudzi. "Zinayamba ndi kapepala," anatero. "Anati saina apa, tingoona." Iye ankanena mosadandaula, ankati tsopano amagona osadzukadzuka ndipo ntchito akugwira bwino. Ine zimenezo sindinazimve. Ndinangomva za kapepalazo, ndipo kuyambira tsiku limenelo kathumba kaja kankandibwerera m'maso nthawi zonse ndikavula kuti ndisambe.

Ndiye tsiku lina adokotala anga, mayi wa magalasi, waulemu wopitirira muyeso, ndikuona akutulutsa kapepala. Munthu waulemu kwambiri ndimamuopa kuposa wamwano, poti wamwano wakuuza kale chimene ali.

"Bambo, tili ndi kafukufuku," anatero. "Tikufuna njira yodziwira msanga munthu amene khansa ikumuyandikira, tisanaione n'komwe ndi kamera. Simubayidwa, simumwa kanthu. Mungotibweretsera chimbudzi pang'ono mu kabotolo aka."

"Mukaonamo chiyani m'chimbudzi?"

"Khungu la m'kati mwa thumbo limasupuka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo timaselo take timatuluka limodzi ndi chimbudzi. M'timaselomo muli malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa makolo ake, ife timati majini. Ena mwa majiniwo ntchito yawo ndi kuletsa maselo kuti asachulukane mwachisawawa. Thumbo likatupa zaka zambiri, pa majini amenewa pamayamba kumatika timadontho tina topangika m'thupi momwemo. Timati methileshoni."

"Sindinamve."

Anayang'ana manja anga, mwina anaona fumbi la mkuwa m'zikhadabo. "Munaonapo loko amene wina wamata chingamu pabowo?"

"Mlungu uliwonse."

"Loko sanasinthe, kiyi sanasinthe, koma satseka. Timadonthoto ndi chingamu chimenecho. Majini ali bwinobwino, koma aleka kugwira ntchito. Timadontho timeneti tikachuluka pa majini oteteza aja, ndiye kuti mpata wa khansa wakula."

"Mukapeza tachuluka?"

"Tikuyang'anani ndi kamera msanga, osadikira chaka chamawa."

"Kamera ikapeza kanthu?"

"Tidzakambirana."

Kukambirana kwa kuchipatala ndimakudziwa ine, kumathera pa mpeni. Ndinafunsa kuti kafukufukuyu akupindula naye ndani, anati odwala a mtsogolo. Ndinafunsa kuti matumbo amene amachotsa amapita nawo kuti. Anavula magalasi, anandiyang'ana kanthawi, kenako anandiyankha bwinobwino osapsa mtima, zomwe zinandikayikitsa kwambiri. Ndinasaina, poti kukana pamaso pa munthu kumangomuchenjeza. Anamata pa kabotolo kapepala ka dzina langa ndi nambala, anandionetsa kasupuni ka pa chivindikiro, n'kuti ndibweretse Lachinayi.

Nzeru inandifikira m'basi. Ku shopu, makina odulira makiyi ndikawakayikira sindiwayesa ndi kiyi wakutha. Ndimaikapo kiyi wabwino amene ndikumudziwa, ndione chimene atulutse. Anthu awa ndiwayesa chimodzimodzi. Ndiwapatsa chimbudzi cha munthu wabwinobwino. Akati chili bwino, ndiye kuti ndi anthu oona, ndipo ine ndapezerapo mpumulo. Akati apezamo timadontho, ndiye kuti aliyense amamuuza zomwezo kuti apeze matumbo odula. Cha munthu wapadera akanachizindikira, poti amawerenga majini. Koma ine ndili ndi munthu amene majini ake ndi anga omwe.

Ndife mapasa, ofanana ngati makiyi a loko mmodzi. Ine ndinatsogola ndi mphindi makumi awiri, choncho ndi mphwanga, ngakhale amatsutsa. Iye ndi wometa, amamutcha Lumo, ndipo babashopu yake ili misewu itatu kuchokera pa shopu yanga. Kulowerana m'malo tinayamba tili ku pulaimale: masamu ndinkamulembera ine, zikoti ankandilandirira iye. Pa chithunzi cha laisensi yanga yoyamba pali iyeyo, poti tsikulo ine ndinali ndi chithupsa pamphuno. Palibe anatigwirapo. Chimodzi chokha chimene sitinagawane ndi matendawa. Iye chibadwire anali asanagonepo m'chipatala, ndipo ankadya chilichonse, tsabola, zokazinga, ine ndikungomeza malovu.

Ndinadikira kuti kasitomala atuluke, ndinakoka chitseko, n'kuika kabotolo pakati pa zipeso ndi makina ometera. Ndinali nditakonzeka kumunyengerera ola lathunthu.

"Achimwene a mphindi makumi awiri," anatero, "mwandibweretsera mafuta onunkhira?"

Ndinamufotokozera. Za msampha sindinamuuze. Ndinangoti ndatopa nako kupimidwa, ndipo poti majini athu ndi amodzi, andiimirire ngati kale. Ndinkayembekeza kuti aseka mpaka kugwa, kenako andithamangitsa ndi tsache.

Sanaseke. Anatenga kabotoloko, anakatembenuza, anawerenga dzina langa.

"Ndiye akuti amaona khansa m'menemu?"

"Akuti amaona ngati ikubwera."

"Ngakhale munthu asakumva kupweteka?"

"Atero eni ake."

"Akufuna liti?"

"Lachinayi m'mawa."

"Udzatenge pokwera basi," anatero, n'kukaponya m'thumba la gawuni yake yoyera.

Zinaphweka kwambiri, ndipo chinthu chikaphweka ine mutu umayamba kugwira ntchito. Lumo si munthu wovomera msanga. Kumubwereka makwerero kumatenga masiku atatu. Ndinaganiza kuti mwina akazi anga anali atamutsina kale khutu kuti azindilonda. Awiriwo, akazi anga ndi mlamu wanga, mkazi wa Lumo, amaimbirana foni m'mawa ndi madzulo, ndipo cholowa m'khutu la Lumo chimatuluka asanamalize kumeta mutu wotsatira. Ndinatsimikiza mumtima kuti zotsatira zikadzatuluka zidzakhala zanga ndekha.

Lachinayi anandipatsa kabotolo atakakulunga mu nyuzipepala katatu. "Kawauze kuti ndi ntchito ya manja anga," anatero. Ndinakapereka kwa namwino, anayerekeza dzina ndi khadi langa, anathokoza. Patapita milungu itatu anandiitana.

"Zotsatira zanu zandidabwitsa pawiri," anatero adokotala nditakhala pansi. "Kutupa kwa thumbo kwatsika kwambiri, sindinakuonepo kotsika chonchi mwa inu. Zimenezo n'zabwino. Koma timadontho tija tapezeka tambiri, pa majini onse awiri amene timawayang'anitsitsa."

"Tambiri," ndinatero.

"Sindikunena kuti muli ndi khansa. Kuyeza kumeneku kukadali pa kafukufuku, kumatha kulakwitsa. Koma mwa anthu amene tawayeza ndi ochepa amene afika pamene mwafika inu, ndipo sindikufuna kudikira. Kamera Lolemba likubwerali. Ngati pali kanthu, tikakapeza kakadali kakang'ono timangokachotsa."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Munthu amene sanadwalepo m'mimba chibadwire, akuti thumbo lake ladzaza timadontho! Ndinawagwira. Ndinawayang'ana mayiwo, nkhope yachifundo, manja atawapinda patebulo, ndipo kunena zoona ndinawasirira luso. Anafunsa ngati ndamvetsa, anafunsa ngati pali wachibale amene angandiperekeze, anandipatsa kalata yofotokoza zonse. Ndinathokoza mwaulemu kuposa iwo.

Kalatayo ndinaiika mu dirowa ya pansi, momwe mumakhala makiyi amene eni ake sanabwere kudzatenga. Lolemba ndinatsegula shopu monga mwa masiku onse. Kuchipatala anaimba kanayi mlungu umenewo, ndipo nambala yawo ndinailemba mu foni kuti "Osayankha". Mwayi wake, ya akazi anga sindinawapatsepo. Ndinkadziwa kuti tsiku lina idzagwira ntchito yolakwika. Ndinkalakalaka kukawayalutsa pamaso pa odwala onse a pa benchi paja, koma kutero kukanafuna kuti ndiulule zanganso, choncho chipambanocho ndinkangochinyambita ndekha.

"Bambo, mukamaseka nokha chonchi ine ndimaopa," anatero akazi anga tsiku lina tikumwa tiyi. "Kuchipatala anati chiyani?"

"Anati ndipitirize mankhwala."

"Basi?"

"Mukufuna akanati chiyani?"

Anandiyang'ana, anapukusa mutu, anachotsa makapu.

Lumo anabwera Loweruka atanyamula sizasi ziwiri zoti ndimunolere. Sizasi zake amanola yekha chiyambire ntchito. Ndinaziyesa pa chala, zinali zakuthwa kale. Ndinati mumtima, eya, zayambika. Anazungulira mu shopu, anagwiragwira maloko a pakhoma, ananena za mpira, ananena za kasitomala wina amene anagona ali pampando mpaka kuliza mkonono. Ine ndinali phee, ndikudikira.

"Zija zinatuluka?" anafunsa, maso ali pa bolodi ya makiyi.

"Ziti?"

"Za kabotolo."

"Wakutuma ndani?"

"Kundituma? Ndangofunsa. Si ine ndinagwira ntchito yake?" Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Ndinaganiza msanga. Ndikamuuza zoona, lero aseka nane, mawa auza mkazi wake, mkuja akazi anga amva mawu amodzi okha, khansa, ndipo kalata ili ndi dzina langa. Zoti kabotolo sikanali kanga, ndani akanamvetsera? Akanandikoka ndi kolala mpaka pa tebulo la mpeni.

"Mbee," ndinatero. "Palibe kanthu. Akuti thumbo la mwana wakhanda."

"Watsimikiza?"

"Ndakuuza."

Anakhala pa kampando ka makasitomala. Anapumira m'mwamba, anaphimba nkhope ndi manja, kenako anaseka, tsopano kuseka kwenikweni, mpaka misozi. "Ndiye muli ndi thumbo labwino, achimwene," anatero. Anandimenya paphewa, anatuluka akuimba mluzu, sizasi n'kuziiwala. Ine ndinati taonani kazitape, wakondwa kuti wapeza chokauza omutuma. Ndinadzitama kuti ndawatseka pakamwa onse atatu ndi mawu amodzi.

Panapita miyezi inayi. Matenda anga anali atagona, ndinanenepa pang'ono, ndipo ndinkayenda ngati munthu amene wawina mlandu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Zinthu ndinkaziona, sikuti sindinkaziona. Ine palibe chimandidutsa. Kungoti chilichonse ndinkachipezera chifukwa cholakwika. Lumo analeka kubwera kudzaonera mpira Lamlungu, ndinati mkazi wake wamuletsa. Tsiku lina ndinapeza babashopu yotseka masanasana, pachitseko pali kapepala koti abwera posachedwa, mlungu wotsatira chimodzimodzi. Ndinati wapeza chibwenzi, ndipo ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina akazi onse a mu msewu umenewo. Mayi wogulitsa nyuzipepala pakona, amene zaka zonsezi ankatisokoneza, anandiuza kuti, "Masiku ano ndikumakusiyanitsani mosavuta." Ndinamva ngati akunena mimba yanga, ndipo ndinaleka kugula kwa iye.

Lachiwiri lina, dzuwa lili pamutu, mlamu wanga analowa mu shopu. Sabwera kawirikawiri; amati kulira kwa makina anga kumamupweteketsa mano. Ndinayang'ana manja ake. Ananyamula lamba wachikopa.

"Alamu, mundiboolere bowo lina pa lamba uyu."

"Wa mphwanga?"

"Eya."

Ndinamuyala patebulo. Kupitirira mabowo a ku fakitale panali ena awiri, osalunjika, obooledwa ndi msomali wamoto. Ndinatenga choboolera n'kufunsa kuti pati. Analoza ndi chala patali ndithu.

"Akuchepetsa thupi?" ndinafunsa. Ndinali tcheru, ndikudikira kuti nkhani ikhotere kwa ine ndi chipatala changa.

Anasuzumira kukhomo, anabwerera, anatsitsa mawu.

"Alamu, ndisakubisireni. Achimwene anuwa akutaya magazi. Ndinaona ndekha m'chimbudzi, anaiwala kuthira madzi. Nditawapanikiza anavomera kuti zinayamba chaka chatha, mwa apo ndi apo, koma tsopano ndi tsiku lililonse. Chakudya akungotola. Akameta anthu awiri amatseka n'kukagona pa benchi kuseri. Ndawachonderera, ndalira, ndawaopseza kuti ndipita kwathu, chipatala akukana."

"Chifukwa?"

"Akuti anayezedwa kale. Akuti anayezedwa ndi makina a kafukufuku, oposa a masiku onsewa, ndipo zinatuluka mbee; ndiye aka ndi kachilonda chabe ka kunja, kadzapola kokha. Ndawafunsa kuti anayezedwa liti, kuti, pepala lake lili kuti. Akuti ndifunse inu. N'chifukwa chake ndabwera, lambayu n'chonamizira. Alamu, n'zoona? Munaliona pepalalo ndi maso anu?"

Msampha wanga unali ndi makomo awiri okha: madokotala oona ndi madokotala onama. Khomo lachitatu, loti munthu wabwinobwinoyo si wabwinobwino, sindinaliganizire ngakhale kamodzi. Lumo sanali kazitape wa wina aliyense. Anali munthu wamantha amene anapeza njira yopimitsira popanda kulembetsa dzina lake, n'kubwera kudzamva yankho kwa m'bale wake, ndipo m'bale wakeyo anamuuza kuti mbee.

Ndinachita manyazi, ndinachita mantha, komabe ngakhale pamenepo kamutu kangaka kanayesa kupeza pothawira: mwina apangana kuti andikole. Ndinayang'ananso mabowo a msomali aja. Munthu saboola lamba wake kawiri pofuna kukola m'bale wake.

"Pepala ndili nalo," ndinatero. "Pitani kunyumba, alamu, ndikuimbirani."

"Lili bwino pepalalo?"

"Ndiyambe ndalankhula naye."

Anasiya lamba patebulo n'kutuluka osatsanzika.

Ndinatsegula dirowa, ndinatulutsa kalata pansi pa makiyi, n'kuimba nambala ija ya "Osayankha". Anandipatsira namwino, namwino anandipatsira adokotala. Ndinanena zonse nditaima, maso ali pakhoma, ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

"Ndi mapasa ofanana?" anafunsa.

"Eya. Ndimati poti majini ndi amodzi..."

"Majini mutha kufanana, bambo, koma timadontho aliyense amakhala ndi take, malinga ndi zimene zikuchitika m'thumbo mwakemo. Tija tinapeza ndi ta m'bale wanu. Ndipo munthu wopanda matenda anuwa akapezeka nato tambiri chonchi, kuwonjezera magazi ndi kuwonda..." Anaima. "Papita nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi."

Ndinamva akupuma. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira akanatero.

"Mubwere naye lero, isanakwane folo koloko. Ndidikira. Inunso musaiwale kuti thumbo lanu sitinaliyeze n'komwe."

Ndinatseka shopu n'kuyenda misewu itatu ija. Ndinamupeza akumeta mkulu wina wa imvi. Anandilozera benchi ndi chipeso.

"Khalani pamzere, achimwene, kuno kulibe chibale."

Ndinakhala. Pa galasi lalikulu tinkaoneka tonse awiri, iye ataima, ine nditakhala, ndipo sitinkafanana. Kolala ya gawuni inkamulendewera, masaya atalowa, khungu lotuwa. Dzanja lokha ndi limene linali lomwe lija, lokhazikika. Anameta pang'onopang'ono, anakonza m'mbali mwa makutu, anapukuta khosi la mkuluyo, akumucheza za kuvuta kwa mabasi, ndipo ine ndinkalakalaka mkuluyo akanakhala ndi mitu iwiri.

Atatuluka ndinakoka chitseko n'kumupatsa Lumo kalata ija.

"Ya chiyani?"

"Werenga."

Anawerenga ataima. Sawerenga msanga, milomo imayenda nawo. Atafika pansi anabwerera pamwamba.

"Dzina ndi lako."

"Kabotolo kanali kako."

"Unati mbee."

"Ndinanama."

"Chifukwa?"

"Ndinkayesa akunama ndi iwo. Ndinkayesa aliyense amamuuza zomwezo. Ndinkayesa iwe wakutuma ndi akazi anga."

Anayang'ana tsiku lolembedwa pakona ya kalatayo, ndipo ndinamuona akupinda zala, chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

"Akuti kamera Lolemba," anatero. "Lolemba lake liti?"

Ndinayang'ana imvi zimene zinagwera pansi.

"Ndinabwera kwako. Ndinanyamula sizasi zakuthwa kale ngati chitsiru. Ndinakufunsa kawiri."

"Ukanandiuza kuti ukutaya magazi..."

"Ndikuuze iwe? Zaka khumi ndi zinayi nyumba zonse ziwiri zikuyendera m'mimba mwako. Wadya chiyani, wagona bwanji, wapita kangati. Ine ndine wabwinobwino uja, wonyamula zikwama kuchipatala. Ndikanayambira pati? Ndinati ndimve kaye, ngati zili zoipa ndidziwe pogwira." Anayang'ananso kalatayo. "Nditatuluka mwako muja ndinakagulira mkazi wanga nsapato. Anadabwa. Anafunsa kuti kwagwanji."

"Ndalankhula nawo adokotala. Akutidikira lero."

"Akuti nthawi ikadalipo?"

"Akuti tibwere."

"Ndafunsa kuti akuti nthawi ikadalipo?"

"Sananene."

Anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la shati yake. Anavula gawuni, anaikoloweka pamsomali, anazimitsa makina ndi magetsi. Kenako anatenga tsache n'kuyamba kusesa imvi za mkulu uja, ngodya ndi ngodya, mosafulumira. Ndinafuna kunena kuti nthawi ikutha, koma ine sindinali munthu woti n'kunena zimenezo.

Panja anakoka chitseko, anatulutsa kiyi. Kiyiyo ankagunda m'mbali mwa bowo osalowa. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Ndinatambasula dzanja.

"Usakhudze," anatero, osandiyang'ana.

Ndinabweza dzanja langa, ndinaima pambali, n'kudikira mpaka anatseka yekha.